Ndeke ya Dotolo Sitera pa Chire

Munthu aliyense wa ku Petauke kapena ku Nyimba amene anakwerapo basi ya ku Lusaka akudziwa cimene cimacitika galimoto ikapitirira Kacholola ndi kuyamba kutsetsereka m'mapiri kulunjika ku ulalo wa Luangwa. Makutu amatsekeka, mau a mnzako wa pampando umodzi amamveka ngati akucokera kutsidya la mtsinje, ndipo makanda amayamba kulira popanda wowatsina. Munthu akameza malobvu kapena kuyasamula, m'khutu mumatseguka ndipo zonse zimabwerera m'malo mwake. Ena amati ndi mphepo ya m'mapiri, ena amati ndi kutopa kwa ulendo. Koma ceniceni ndi cakuti mpweya umene watizinga uli ndi kulemera kwake, ndipo kulemerako kumacepa munthu akamakwera, kumaculuka akamatsika. Khutu ndilo limayamba kuzindikira.

Ngati mapiri a Kacholola okha angathe kusokoneza khutu la munthu wamphamvu, nanga bwanji ndeke imene imakwera mamita 3,000 m'mphindi zowerengeka? Nanga bwanji ngati wokweramo ndi mai amene wataya magazi pobereka, kapena mnyamata amene wathyoka nthiti pa ngozi ya pamseu? Mafunso amenewa ali ndi eni ake. Pali madotolo ndi anamwino amene anaphunzira mwapadera za mmene thupi la munthu limakhalira likakhala m'mwamba, ndipo nchito yao ndi ya mbali ziwiri: kusamala wodwala amene wanyamulidwa pa ndeke, ndi kupima munthu amene akuyendetsa ndekeyo. Ife a kumudzi tiri nayonso mbali yathu pa nchito imeneyi, pakuti ulendo wa ndeke umayambira pansi.

Pamene mseu watsekeka

Boma la Nyimba liri pa mtunda wa makilomita oposa 300 kucokera ku Lusaka, ndipo la Petauke liri pa makilomita pafupifupi 400. Amene amakhala m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East ali ndi mwai: zipatala za Boma za Nyimba ndi Petauke, cipatala cacikulu ca Kalindawalo ndi ca mishoni ca Minga ziri pafupi, ndipo St Francis ku Katete si kutali kwambiri. Koma maboma awiriwa sathera pa tala. Cakumpoto ndi cakumadzulo dziko limatsika kulowa m'cigwa ca Luangwa, ku madera monga a Mfumu Luembe, Mfumu Mwape ndi Mfumu Nyalugwe. M'dzinja, makamaka m'miyezi ya January ndi February, mitsinje imene ana amaiwoloka akuthamanga m'cilimwe imadzaza mpaka m'magombe, ndipo ambulansi imaima tsidya lino wodwala ali tsidya lija.

Tiyeni tiyerekeze. Mai wina wa m'cigwa wabvutika tsiku lathunthu ndi usiku wake, koma mwana sakubadwa. Mzamba wa pa kiliniki wapima ndipo wapeza kuti mwana wagona mopingasa. Popanda opaleshoni, mai ndi mwana onse awiri ali pangozi, ndipo mseu wopita ku boma wadulidwa ndi madzi. Nthawi yotere ndi pamene maso a anthu amayang'ana kumwamba.

Nzeru yotumiza dotolo pa ndeke inayambira ku Australia, dziko la zipululu zazikulu, kumene mbusa John Flynn anayambitsa nchitoyi m'caka ca 1928. Kum'mawa kwa Africa madotolo atatu, Michael Wood, Archibald McIndoe ndi Tom Rees, anayambitsa bungwe lotere m'caka ca 1957. M'dziko lathu lino, patangopita caka cimodzi cilandirire ufulu, Dr James Lawless anayambitsa Zambia Flying Doctor Service m'caka ca 1965, ndipo m'caka ca 1967 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungweli. Likulu lake liri ku Ndola, ndipo limagwira nchito pansi pa Unduna wa Zaumoyo. M'zaka zoyambirira njira yake inali yomanga kiliniki yaing'ono pambali pa bwalo la ndeke, ndi kuikapo munthu wa zaumoyo pamodzi ndi wailesi yoitanira dotolo. Bungweli limanyamula odwala mwakayakaya kupita nao ku zipatala zazikulu, ndiponso limatenga akatswiri a maso, a mano ndi a matenda ena kukaona anthu m'maboma akutali. Palinso gulu la FlySpec limene Professor John Jellis, dotolo wa mafupa, analiyambitsa m'caka ca 1982 kuti akatswiri a opaleshoni azifika pa ndeke ku zipatala za kumidzi. Pa nthawi ya madzi osefukira ndeke za Zambia Air Force zakhala zikuthandizanso kupulumutsa anthu.

Ndeke yaing'ono ya injini imodzi monga Cessna Caravan imathamanga makilomita pafupifupi 300 pa ola. Ulendo wocokera ku Petauke kupita ku Lusaka, umene pa mseu umadya maola asanu kapena asanu ndi limodzi, m'mwamba umatha m'ola limodzi ndi theka. Liwiro limeneli ndilo limapulumutsa moyo. Koma thupi la wodwala limalipira mtengo wake, ndipo mtengowo ndi umene madotolo a za m'mwamba amawerengera ndeke isananyamuke.

Mpweya wa kumwamba ndi wopepuka

Mu mpweya umene timapuma, magawo 21 mwa magawo 100 ndi okosijeni, amene magazi amanyamula kupita naye ku ziwalo zonse. Kumwamba mpweya umakhala wopepuka, monga phala limene laculuka madzi: cipande ndi comweco, koma ufa umene ulimo ndi wocepa. Pa mamita 3,000 kulemera kwa mpweya kumatsala pafupifupi magawo 70 mwa 100 a kulemera kwake m'mbali mwa nyanja yamcere, ndipo pa mamita 5,500 kumatsala theka lokha. Munthu wathanzi amene wangokhala pampando sabvutika kwenikweni pa mamita 2,000 kapena 3,000. Koma wocepa magazi, wodwala cibayo, wa bvuto la mtima, ndi mwana wobadwa ndi matenda a magazi ochedwa sickle cell, alibe nkhokwe yoti atapemo. Kwa iwo kucepa pang'ono kwa okosijeni kungakhale cinthu cacikulu.

Coopsa ndi cakuti kusowa kwa okosijeni sikupweteka. Pa 15 April 1875 amuna atatu a ku France anakwera m'baluni yochedwa Zenith kucokera ku Paris. Anali ndi matumba a okosijeni monga anawaphunzitsira katswiri Paul Bert, koma pamene anafika pa mamita pafupifupi 8,000 manja anawalemera, analephera kunyamula mapaipi opumira, ndipo onse anakomoka. Baluni itatsika, Gaston Tissandier yekha ndiye anali wamoyo. Anzake awiri, Joseph Crocé-Spinelli ndi Théodore Sivel, anali atamwalira. Tissandier anafotokoza pambuyo pake kuti sanamve ululu uliwonse, koma anali ngati munthu wokondwa amene sakuona ngozi. M'caka ca 1878 Paul Bert anatulutsa buku lalikulu lofotokoza zimene kusintha kwa kulemera kwa mpweya kumacita m'thupi, ndipo ambiri amamuchula kuti ndiye kholo la udotolo wa za m'mwamba.

Cifukwa ca phunziro limeneli, malamulo amafuna kuti woyendetsa ndeke yaing'ono akhale ndi okosijeni wopumira ngati akhala pamwamba pa mamita 3,000 kwa nthawi yoposa mphindi 30. Ndeke zazikulu zimene zimauluka pamwamba kwambiri zimapoperedwa mpweya m'kati, kotero kuti okweramo amakhala ngati ali paphiri la mamita 1,800 kufikira 2,400.

Pali cinthu caciwiri. Mpweya wotsekeredwa umafufuma munthu akamakwera ndipo umafinyika akamatsika. Owerenga angayese okha: tsekani zolimba botolo la pulasitiki lopanda kanthu muli pa Kacholola, ndipo pofika pa ulalo wa Luangwa mudzalipeza litaphwanyika m'mbali ngati wina walifinya. Pa mamita 2,400 mpweya wotsekeredwa umakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuyerekeza ndi m'mbali mwa nyanja. M'thupi mwathu muli mabotolo otere angapo: m'kati mwa khutu, m'mphako za kuseri kwa mphuno, m'mimba, ngakhale pansi pa dzino lobowoka. Ndi cifukwa cake munthu wa cimfine cacikulu amamva kuwawa m'makutu ndeke ikamatsika, ndipo ndi cifukwa cake anamwino amalangiza amai kuyamwitsa khanda pa nthawi imeneyo, pakuti kumeza kumatsegula khutu.

Wodwala asanakwere

Acibale amene akuona ndeke itatera amafuna kuti wodwala wao anyamulidwe nthawi yomweyo, ndipo amadabwa kuona dotolo akutha mphindi zambiri pa macila. Sikucedwa kwacabe. M'ndeke ndi mothina, muli phokoso loti dotolo sangamve bwino kugunda kwa mtima, ndipo sangauze woyendetsa kuti taimani pambali. Conco zonse zimene zingacitike pansi ziyenera kucitika pansi.

Munthu amene wabvulala pacifuwa, mpweya nulowa pakati pa phapo ndi nthiti, amaikidwa kapaipi kotulutsira mpweyawo asanakwere. Apo ai, mpweyawo udzafufuma kumwamba ndi kupanikiza phapo ndi mtima. Wothyoka mwendo amene wangoikidwa pulasitala amaing'ambira mbali imodzi, kuti mwendo ukatupa magazi asaleke kuyenda. Wotaya magazi amayamba waletsedwa kutayako, amaikidwa diripi yomangidwa bwino kuti isazuke ndeke ikamagwedezeka, ndipo amapatsidwa okosijeni. Pa cala pake pamaikidwa kacipangizo kosonyeza kuculuka kwa okosijeni m'magazi, ndipo namwino amakayang'ana ulendo wonse. Nthawi zina dotolo amapempha woyendetsa kuti asakwere kwambiri, ndipo woyendetsayo amalingalira pempholo pamodzi ndi mapiri ndi mitambo imene iri patsogolo pake.

Zimacitikanso kuti dotolo aweruza kuti wodwala asanyamulidwe tsiku limenelo, kapena kuti athandizidwe pomwepo. Mai amene mwana watsala pang'ono kubadwa ndi bwino abereke pansi kusiyana ndi kubereka m'mwamba. Ngakhale makampani a ndeke zazikulu nthawi zambiri salola mai wapakati kukwera akapitirira masabata 36, kapena masabata 32 ngati ali ndi mapasa. Ndiponso ndeke iriyonse iri ndi malire a katundu amene ingadzuke naye, makamaka pa bwalo lalifupi dzuwa likatentha. Akati wodikirira wodwala akhale mmodzi yekha ndipo thumba la ufa litsale, si nkhanza ai.

Cimene dotolo amafuna kwa acibale ndi coonadi. Ngati mai anamwetsedwa mankhwala acikuda ofulumizitsa kubereka, nenani. Ngati wodwala wakhala akutsokomola kwa masabata ambiri kapena ali pa mankhwala a TB, nenani, kuti ena m'ndekemo atetezedwe. Nenaninso nthawi imene anadya komaliza. Dotolo safunsa kuti aimbe munthu mlandu, koma kuti adziwe cimene angakumane naco kumwamba kumene kulibe womuthandiza.

Woyendetsa nayenso amapimidwa

Mbali yaciwiri ya udotolo umenewu anthu ambiri saidziwa. Galimoto ikakhala ndi dalaivala wodwala imaima pambali pa mseu, koma ndeke iribe pambali. M'caka ca 1944 maiko anasainirana pangano ku Chicago la kayendedwe ka ndeke, ndipo m'panganomo munabadwa bungwe la ICAO limene likulu lake liri ku Montreal, m'dziko la Canada. Zambia ndi membala wa bungweli. Kuno kwathu udindo wopereka ziphaso kwa oyendetsa ndeke uli m'manja mwa Civil Aviation Authority, imene lamulo loikhazikitsa linapangidwa m'caka ca 2012. Si dotolo aliyense amene angapime woyendetsa ndeke, koma okhao amene anaphunzira nchitoyi ndi kubvomerezedwa.

Ziphaso za umoyo ziri m'magulu atatu: loyamba ndi la oyendetsa ndeke zamalonda, laciwiri ndi la oyendetsa ndeke zao, ndipo lacitatu ndi la aja amene amakhala pa nsanja ya pabwalo kulondolera ndeke pa wailesi. Wa gulu loyamba amapimidwa caka ndi caka. Akakwanitsa zaka 40 ndipo amanyamula anthu ali yekha pa ciongolero, kapena akakwanitsa zaka 60, amapimidwa miyezi isanu ndi umodzi iriyonse. Pa maulendo amalonda opita kunja kwa dziko, malamulo a ICAO salola munthu kuyendetsa ali yekha akafika zaka 60, ndipo ngakhale ali ndi mnzake amalekeza pa zaka 65.

Dotolo amapima maso, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi maganizo, ndipo amafunsa ngati munthuyo anagwapo khunyu kapena kukomoka. Amapimanso ngati amasiyanitsa mitundu, pakuti nyali ya ku phiko lamanzere ndi yofiira ndipo ya ku phiko lamanja ndi yobiriwira, ndipo usiku ndi nyali zimenezi zimene zimasonyeza kumene ndeke ina ikulowera. Mowa ndi woletsedwa kwa maola osacepera 8 ulendo usanayambe. Mankhwala ena a cimfine amene amadzetsa tulo ndi oletsedwanso, ndipo woyendetsa amene wamva malungo amakhala pansi kufikira atacira. Ngakhale maola ogwira nchito ali ndi malire, cifukwa kutopa kumacepetsa nzeru monga mmene umacitira mowa.

Madotolowa amaphunzitsanso oyendetsa kuti thupi limanama. M'kati mwa khutu muli timadzi timene timauza munthu ngati waima cilili kapena wapendekeka. Munthu akalowa mumtambo, osaona dziko kapena thambo, timadzi timeneti tingamuuze kuti ali bwino pamene ndeke ikupendekera pansi. Amene anapulumuka ndi amene anakhulupirira zipangizo za patsogolo pao koposa zimene thupi linali kuwauza. Tsono woyendetsa akakana kulowa mumtambo wakuda wa mvula yamabingu, kapena kutera mumdima pa bwalo lopanda nyali, tisamuyese wamantha. Akuteteza wodwala wathu yemweyo.

Anyamata ndi atsikana a kuno amene amalakalaka nchito za ndeke adziwe kuti sukulu yake iripo, Zambia Air Services Training Institute, pafupi ndi bwalo la Kenneth Kaunda International ku Lusaka, ndipo kwa ofuna kuyendetsa ndeke khomo loyamba ndi la dotolo. Makolo amene amanyalanyaza khutu la mwana lotuluka mafinya, kapena diso lofiira losapola, angakhale akutseka khomo limenelo mwana akali ku pulaimale.

Mbali ya mudzi

Coyamba ndi kufulumira. Ndeke siikhala pa bwalo la Petauke kudikira. Iyenera kukonzedwa, kucokera kutali, ndi kuuluka ola limodzi kapena kuposerapo isanafike. Mabwalo a kumidzi alibe nyali, ndipo m'dzinja mvula yamabingu imakonda kubwera masana ndi madzulo. Uthenga wa m'mawa ungabweretse thandizo tsiku lomwelo. Uthenga wa dzuwa litapendeka ungatanthauze kudikira usiku wonse. Masiku amene banja limatha likukambirana ngati wodwala apite ku kiliniki, kapena kudikira malume amene ali kutali kuti abvomereze, ndiwo masiku amene ndeke singabweze. Amai apakati a m'cigwa apite msanga ku nyumba zodikiriramo za pa zipatala mitsinje isanadzaze, pakuti kuyenda wekha ndi miyendo yako m'December kuposa kunyamulidwa pa macila m'February.

Caciwiri ndi kudziwa njira. Ndeke ya dotolo siitanidwa ndi banja. Namwino kapena wa zaumoyo wa pa kiliniki ndiye amapima wodwala ndi kudziwitsa akuluakulu a zaumoyo a pa boma pa lamya kapena pa wailesi, ndipo iwo ndiwo amaona ngati pafunika ambulansi, bwato kapena ndeke. Wodwala amene sanafike pa kiliniki sadziwika kwa aliyense.

Cacitatu ndi bwalo lenilenilo. Ndeke imatera pa liwiro loposa la basi ya pamseu waukulu, ndipo mawilo ake ndi ang'ono. Culu cimodzi ca ciswe, dzenje limodzi la anyamata okumba mbewa, mkwaso wa ngolo umene unakumbika m'matope nuuma, kapena ng'ombe imodzi yodutsa, zingagubuduze ndeke pamodzi ndi dotolo wake. Udzu wautali umabisa zonsezi, ndipo woyendetsa amene sakuona nthaka amazungulira kawiri ndi kubwerera. Zinyalala zotayidwa pafupi zimaitana akhwangwala ndi akabawi, amene ndi ngozi kwa injini. Nsalu ija yopacikidwa pa mtengo pambali pa bwalo si yokongoletsa: imauza woyendetsa kumene mphepo ikucokera, ndipo woiba nsaluyo wabera mudzi wonse. Kulima kapena kumanga m'malire a bwalo kulifupikitsa, ndipo bwalo lalifupi limatsekedwa.

Cacinai ndi khalidwe pa tsiku limene ndeke yafika. Ana aimitsidwe kutali, ziweto zitsekeredwe, ndipo pasakhale wochera moto pafupi, cifukwa utsi umabisa bwalo. Munthu asayandikire kufikira copukusa ca kutsogolo citaima ndipo a m'ndeke atakodola, pakuti cikamazungulira sicioneka. Fodya asasutidwe pafupi ndi mafuta kapena mabotolo a okosijeni.

Tikabwerera kwa mai uja wa m'cigwa, tiona kuti moyo wake uli m'manja ambiri: a apongozi amene anabvomera msanga kuti apite ku kiliniki, a mzamba amene anatumiza uthenga m'mawa, a dotolo wa ku Lusaka amene anapima maso ndi mtima wa woyendetsa miyezi ingapo yapitayo, a namwino amene wanyamula botolo la okosijeni, ndi a amuna a m'mudzi amene anachecha udzu ndi kufotsera maenje. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mwa manja onsewa, amene ali pafupi ndi athu. Mafumu, nduna ndi makomiti a zaumoyo a m'madera amene muli mabwalo a ndeke agwirizane ndi akuluakulu a pa boma, asankhe tsiku mvula isanayambe, atenge makasu ndi zikwakwa, ndi kuyenda bwalo lao kucokera kumutu kufikira kumapeto.